Kusiyana kwa CSS m'mabulawuza

Kusiyana kwa CSS m'mabulawuza ndi vuto limene limakhalapo tsamba limodzi la pa intaneti likamaoneka bwino mu bulawuza ina koma n'kusokonekera mu bulawuza ina, ngakhale kuti malangizo a kaonekedwe kake ndi amodzimodzi. Bulawuza, imene ena amaitcha msakatuli, ndi pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, monga Chrome, Firefox, Safari, Edge ndi Opera. CSS ndi chinenero cha kompyuta chimene chimauza bulawuza mmene isanjire zinthu pa tsamba, monga kukula kwa zilembo, mitundu, mipata ndiponso malo amene ndime kapena chithunzi chiyenera kukhala. Dzina lake lonse m'Chingerezi ndi Cascading Style Sheets.

Vutoli limaoneka m'njira zambiri. Mawu amatha kusefukira kunja kwa bokosi lake, zithunzi kuphimba ndime, kapena magawo awiri amene amayenera kukhala moyandikana n'kupezeka kuti lina latsikira pansi pa linzake. Nthawi zina zimangonyansitsa tsamba, koma nthawi zina zimalepheretsa munthu kuchita zimene wabwerera. Batani lotumizira fomu likabisika kuseri kwa chithunzi kapena kunja kwa sikirini, munthu sangatumize kalata yofunsira ntchito, sangalipire katundu, sangalembetse sukulu. Vutoli linakula kwambiri kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 mpaka cha m'ma 2010, ndipo njira zambiri zimene opanga masamba amatsatira masiku ano zinabadwa polimbana nalo.

## Chiyambi

CSS inayamba ndi maganizo amene Håkon Wium Lie, wa ku Norway, anafalitsa mu Okutobala 1994 ali pa ntchito ku CERN, kumene Tim Berners-Lee anayambitsira World Wide Web. Bert Bos, wa ku Netherlands, anagwira naye ntchitoyi, ndipo bungwe la W3C linavomereza CSS1 pa 17 Disembala 1996. CSS2 inatsatira mu Meyi 1998.

Pa nthawiyo makampani a Netscape ndi Microsoft ankalimbirana msika, ndipo iliyonse inkathamangira kutulutsa zinthu zatsopano isanamalize kutsatira malamulo amene anagwirizana. Internet Explorer 3, ya mu 1996, inkamva mbali yochepa chabe ya CSS. Netscape Navigator 4, ya mu 1997, inkayamba yasandutsa CSS kukhala malangizo a JavaScript, moti munthu akazimitsa JavaScript masitayelo a tsamba ankazimiranso. Pachifukwachi ambiri ankapewa CSS posanja tsamba. M'malo mwake ankagwiritsa ntchito matebulo a HTML ndi timazithunzi tosaoneka ta pikiselo imodzi, timene ankatikoka kuti tipange mipata. Makampani ena ankalipira kawiri, tsamba lina la Netscape, lina la Internet Explorer, ndipo masamba ambiri ankakhala ndi chidziwitso chouza mlendo bulawuza imene ayenera kugwiritsa ntchito.

Mu 1998 gulu la opanga masamba, kuphatikizapo Glenn Davis, George Olsen ndi Jeffrey Zeldman, linakhazikitsa Web Standards Project n'cholinga chokakamiza makampani a mabulawuza kutsatira malamulo a W3C. Gululi linagwira ntchito mpaka mu 2013.

## Chifukwa chake mabulawuza amasiyana

Mu bulawuza iliyonse muli pulogalamu yaikulu yotchedwa injini, imene imawerenga HTML ndi CSS, n'kuwerengetsa malo ndi kukula kwa chinthu chilichonse, kenako n'kujambula tsambalo pa sikirini. Kusiyana kwenikweni kumakhala pakati pa mainjini, osati pakati pa mayina a mabulawuza. Internet Explorer ya pa Windows inkayendera Trident. Firefox imayendera Gecko. Safari imayendera WebKit, imene Apple inaipanga kuchokera ku KHTML. Opera inali ndi injini yakeyake yotchedwa Presto mpaka mu 2013. Chrome, imene inatuluka mu 2008, inayamba ndi WebKit, koma mu 2013 Google inapatuka n'kuyambitsa Blink, ndipo pano Blink ndiyo imayendetsanso Opera, Edge ndi Samsung Internet.

Pali zifukwa zinayi zikuluzikulu zimene zimachititsa kuti mainjini atulutse zosiyana. Choyamba ndi zolakwika za m'pulogalamu, pamene injini imachita zosemphana ndi lamulo lolembedwa. Chachiwiri ndi kusamveka bwino kwa lamulo lenilenilo, moti magulu awiri a akatswiri amalimasulira mosiyana popanda wolakwa. Chachitatu ndi nthawi: kampani ina imayamba kutsatira lamulo latsopano chaka chino, ina patapita zaka ziwiri kapena zitatu, komanso anthu ambiri amakhalabe ndi mabulawuza akale. Chachinayi ndi masitayelo amene bulawuza iliyonse imabwera nawo, amene amagwira ntchito pamene wopanga tsamba sananenepo kanthu.

## Vuto la muyezo wa bokosi

Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi cha kayezedwe ka bokosi. Mu CSS chinthu chilichonse cha pa tsamba chimatengedwa ngati bokosi la magawo anayi. Pakati pali za m'kati, monga mawu kapena chithunzi. Kuzungulira pamenepo pali mpata wa m'kati wotchedwa `padding`, kenako mzere wa m'mphepete wotchedwa `border`, ndipo kunja kwenikweni kuli mpata wolekanitsa bokosilo ndi anzake, wotchedwa `margin`.

Malinga ndi lamulo la W3C, nambala yolembedwa pa `width` imayeza m'lifupi mwa za m'kati zokha. Mpata wa m'kati ndi mzere wa m'mphepete zimawonjezedwa pamwamba pake. Internet Explorer 5 ndi 5.5 za pa Windows sizinkatero. Zinkatenga nambalayo ngati m'lifupi mwa bokosi lonse, kuchokera kunja kwa mzere wa kumanzere kukafika kunja kwa mzere wa kumanja.

Mwachitsanzo, tiyerekeze kuti bokosi lapatsidwa `width: 300px`, `padding: 20px` ndi `border: 5px`. Bulawuza yotsatira W3C imawonkhetsa mapikiselo 300 a za m'kati, 40 a mipata ya mbali ziwiri ndi 10 a mizere iwiri, ndipo bokosi limatenga mapikiselo 350. Mu Internet Explorer 5 bokosi lomwelo linkatenga mapikiselo 300, ndipo mawu ankatsala ndi mapikiselo 250 okha. Kusiyana kwa mapikiselo 50 kumeneku kunali kokwanira kugwetsa kasanjidwe konse. Wopanga tsamba akayeza magawo ake awiri kuti akwanire ndendende mu Internet Explorer, mu bulawuza yotsatira lamulo magawowo ankakula kuposa malo amene alipo, ndipo gawo lachiwiri linkagwera pansi pa loyamba. Akayeza motsatira lamulo, mu Internet Explorer munkatsala mipata ndipo mawu ankapanikizana.

Tantek Çelik, amene pa nthawiyo ankagwira ntchito ku Microsoft, anapeza njira yozembera vutoli. Anaona kuti Internet Explorer 5 imasokonezeka ikakumana ndi zizindikiro zina zolembedwa pa `voice-family`, lamulo lokhudza mawu omveka limene silisintha kalikonse pa sikirini, ndipo imaganiza kuti malangizo a bokosilo athera pomwepo. Choncho wopanga tsamba ankalemba `width: 350px` poyamba, kenako mzere wosokonezawo, kenako `width: 300px`. Internet Explorer 5 inkaima pa nambala yoyamba, pamene mabulawuza ena ankawerenga mpaka kumapeto n'kutenga yachiwiri. Mapeto ake bokosi linkafanana kulikonse.

Patapita nthawi ambiri anaona kuti kayezedwe ka Internet Explorer, ngakhale kanali kosemphana ndi lamulo, n'kosavuta kuwerengetsa. W3C inawonjezera `box-sizing`, ndipo munthu akalemba `box-sizing: border-box` amakhala akupempha bulawuza kuti iyeze bokosi lonse monga inkachitira Internet Explorer 5. Internet Explorer 8, ya mu 2009, inayamba kumva lamuloli, ndipo kuyambira cha mu 2012, Paul Irish atalimbikitsa kuliika pa zinthu zonse za pa tsamba, lakhala mzere umene masitayelo ambiri amayambira.

## Doctype ndi njira ziwiri zowerengera tsamba

Makampani atafuna kukonza zolakwika zawo anakumana ndi vuto lina. Masamba ochuluka kwambiri anali atalembedwa kale modalira zolakwikazo, ndipo kuzikonza kukanawononga masamba amenewo. Yankho linali lakuti bulawuza ikhale ndi njira ziwiri zowerengera tsamba, ndipo isankhe potengera mzere woyamba wa tsambalo, wotchedwa doctype. Maganizowa anachokera kwa Todd Fahrner, ndipo Internet Explorer 5 ya pa Macintosh, imene inatuluka mu 2000, inali m'gulu la mabulawuza oyamba kuwatsatira. Mozilla ndi Internet Explorer 6 ya mu 2001 zinachitanso chimodzimodzi.

Tsamba likakhala ndi doctype yoyenera, bulawuza imatsatira malamulo a W3C. Likakhala lopanda doctype, kapena likakhala ndi yachikale, bulawuza imalowa m'njira yotchedwa quirks mode, mmene imatsanzira dala khalidwe la mabulawuza a m'ma 1990. Internet Explorer 6 inali ndi msampha wake: kukangokhala chinachake patsogolo pa doctype, ngakhale mzere wolengeza XML umene W3C yomweyo inkalimbikitsa pa masamba a XHTML, inkabwerera ku kayezedwe kakale ka bokosi. Mpaka lero mabulawuza onse akuluakulu adakali ndi njira yachikaleyi. N'chifukwa chake chinthu choyamba kuona tsamba likamasokonekera ndi chakuti kodi likuyamba ndi `<!DOCTYPE html>`, mzere waufupi umene HTML5 inakhazikitsa.

## Zaka za Internet Explorer 6

Internet Explorer 6 inatuluka mu Ogasiti 2001 ndipo inkabwera pamodzi ndi Windows XP. Pa nthawiyo Microsoft inali itagonjetsa Netscape, ndipo panadutsa zaka zisanu isanatulutse Internet Explorer 7 mu Okutobala 2006. Popeza anthu ochuluka zedi ankagwiritsa ntchito bulawuza imeneyi, zolakwika zake zinasanduka gawo la ntchito ya tsiku ndi tsiku ya aliyense wopanga masamba.

Pa nthawiyo magawo a tsamba ankasanjidwa ndi `float`, lamulo limene poyamba linapangidwa kuti mawu azizungulira chithunzi. Internet Explorer 6 inkachulukitsa kawiri mpata wa kunja wa bokosi lokankhidwira kumbali ngati mpatawo uli mbali yomweyo ndipo wagunda m'mphepete mwa bokosi lalikulu. Bokosi lokhala ndi `float: left` ndi `margin-left: 10px` linkasuntha mapikiselo 20. Mankhwala ake anali kuwonjezera `display: inline`, mzere umene mabulawuza ena ankangounyalanyaza pa bokosi lotere. Panalinso vuto lakuti mawu ankazimiririka n'kudzaonekanso munthu akasuntha tsamba, ndi lina limene linkakankha mawu oyandikana ndi `float` ndi mapikiselo atatu.

Zambiri mwa zolakwika zimenezi zinkachokera ku chinthu cha m'kati mwa Trident chotchedwa hasLayout, chimene sichinali m'malamulo a W3C. Bokosi lokhala nacho linkadziyeza lokha pamodzi ndi zonse za m'kati mwake, pamene lopanda chinthuchi linkadalira bokosi la pamwamba pake. Opanga masamba anazolowera kulemba `zoom: 1` kapena `height: 1%` pofuna kungochidzutsa. Kuwonjezera apo, bulawuzayi sinkamva `min-height`, `max-width` ndi `position: fixed`, sinkaonetsa bwino zithunzi za PNG zoonekera mbali ina, ndipo `:hover` inkagwira ntchito pa malinki okha.

## Njira zozembera ndi mavuto ake

Pofuna kupatsa bulawuza imodzi malangizo akeake, anthu ankagwiritsa ntchito zolakwika za mmene bulawuzayo imawerengera CSS. Lamulo loyamba ndi `* html` silimayenera kukhudza chilichonse, chifukwa palibe chimene chili pamwamba pa `html`, koma Internet Explorer 6 inkalitsatira. Dzina la lamulo likayamba ndi kamzere ka pansi, monga `_height`, mabulawuza ena ankalitaya koma Internet Explorer 6 inkaliwerenga ngati `height`. Ena ankabisira Netscape 4 masitayelo onse powaitanitsa kudzera mu `@import`, imene bulawuzayo sinkaidziwa.

Kuipa kwa njira zotere n'kwakuti zimadalira zolakwika ziwiri zosagwirizana: chimodzi cha kasanjidwe, china cha kawerengedwe. Kampani ikakonza chimodzi n'kusiya chinzake, tsamba limawonongeka. Zimenezi zinachitikadi pokonzekera Internet Explorer 7, moti mu 2005 Microsoft inapempha opanga masamba kuti achotse njira zozemberazo. M'malo mwake inalimbikitsa ndemanga zapadera za mu HTML zotchedwa conditional comments, zimene Internet Explorer yokha inkawerenga ndipo mabulawuza ena ankaziona ngati ndemanga wamba. Ndi njira imeneyi munthu ankatha kusunga zokonza zonse za Internet Explorer 6 mu fayilo yapadera, masitayelo enieni n'kukhala oyera. Ndemangazi zinasiya kugwira ntchito kuyambira pa Internet Explorer 10.

Njira ina inali yofufuza dzina limene bulawuza imadzitchula nalo ikamapempha tsamba, n'kuitumizira masitayelo ogwirizana ndi dzinalo. Njirayi si yodalirika, chifukwa mabulawuza anayamba kubwereka mayina a anzawo kuti asamatsekeredwe kunja. Mpaka pano Chrome, Safari ndi Edge zimayamba kudzitchula ndi dzina la Mozilla.

## Mayeso a Acid

Pofuna kuonetsa poyera bulawuza imene ikutsatira malamulo, akatswiri anapanga masamba oyesera. Acid1, ya mu 1998, inkayesa kayezedwe ka bokosi ka CSS1. Acid2, imene Web Standards Project inatulutsa mu Epulo 2005, inali tsamba limene limajambula nkhope yomwetulira ngati bulawuza yatsatira malamulo onse oyesedwa. Bulawuza ikalakwitsa, nkhopeyo inkaphwasuka, ndipo aliyense ankatha kuona zimenezi popanda kudziwa CSS. Pa tsiku limene mayesowa anatuluka panalibe bulawuza yaikulu imene inakhoza. Safari inali yoyamba kufika kwa anthu itakhoza, mu Okutobala 2005. Opera 9 inatsatira mu 2006, Firefox 3 mu 2008, ndipo Internet Explorer 8 mu 2009. Acid3, yolembedwa ndi Ian Hickson, inatuluka mu 2008 ndipo inkayesa kwambiri JavaScript ndi mmene imasinthira tsamba.

## Kufananitsa masitayelo oyambira

Ngakhale mabulawuza onse atatsatira malamulo, masitayelo amene amabwera nawo amasiyanabe, makamaka pa mipata ya mitu, mindandanda, mabatani ndi mabokosi olembamo a mafomu. Kale Internet Explorer inkalowetsa mndandanda m'kati pogwiritsa ntchito mpata wa kunja, pamene Firefox inkagwiritsa ntchito mpata wa m'kati, moti wofuna kuchotsa mpatawo ankayenera kufufuta yonse iwiri.

Panatuluka njira ziwiri zothanirana ndi zimenezi. Yoyamba ndi kufufuta masitayelo onse oyambira kuti wopanga tsamba ayambe pa malo osalala. Fayilo yotere yodziwika kwambiri ndi ya Eric Meyer, ya mu 2007. Kuipa kwake n'kwakuti imachotsanso zothandiza, monga kusiyana kwa mutu ndi ndime, ndipo wolemba akaiwala kuzibwezeretsa tsamba limavuta kuwerenga. Ena amafufutanso kamzere kosonyeza pamene pali kiyibodi, zimene zimasokoneza anthu amene sagwiritsa ntchito mausi. Njira yachiwiri ndi ya normalize.css, imene Nicolas Gallagher ndi Jonathan Neal anayamba mu 2011. Iyo imasunga masitayelo othandiza n'kungokonza pamene mabulawuza akusiyana.

## Zizindikiro za makampani

Kwa zaka zambiri makampani ankayesa malamulo atsopano a CSS powapatsa chizindikiro chawo kumayambiriro: `-webkit-` ya Safari ndi Chrome, `-moz-` ya Firefox, `-ms-` ya Microsoft ndi `-o-` ya Opera. Cholinga chinali chakuti lamulo likadzakhazikika chizindikirocho chidzachoke. Koma opanga masamba anayamba kugwiritsa ntchito malamulo oyeserawo pa masamba enieni, ndipo kuti ngodya za bokosi zikhale zozungulira kapena kuti mitundu isakanikirane, mzere umodzi unkalembedwa katatu kapena kanayi.

Mafoni a iPhone ndi a Android atafala, ambiri anangoyamba kulemba `-webkit-` yokha, ndipo masamba awo ankaoneka osamalizidwa m'mabulawuza ena ngakhale kuti mabulawuzawo ankatha kuchita zomwezo. Mu 2012 Opera inalengeza kuti iyamba kumva malamulo ena a `-webkit-`, ndipo Microsoft ndi Mozilla zinadzachitanso chimodzimodzi. Chizindikiro cha kampani imodzi chinasanduka lamulo la onse, ndipo bungwe la WHATWG linachita kulemba mndandanda wa malamulo otere mu chikalata chotchedwa Compatibility Standard. Masiku ano makampani sakonda kuyambitsa zizindikiro zatsopano. Zinthu zoyesera amazibisa m'makonzedwe a bulawuza mpaka zitakhazikika. Pa zizindikiro zakale zimene zidakafunika, pulogalamu ya Autoprefixer, yolembedwa ndi Andrey Sitnik, imaziwonjezera yokha potengera zimene zili pa webusayiti ya Can I Use, imene Alexis Deveria anayambitsa.

## Flexbox ndi Grid

Mavuto ambiri a kasanjidwe ankabwera chifukwa chogwiritsa ntchito `float` pa ntchito imene sinapangidwire. Mwachitsanzo, bokosi lokhala ndi zinthu za `float` zokhazokha limafwamphuka ngati mulibe kanthu, ndipo pankafunika njira yapadera yotchedwa clearfix kuti lizikute. Flexbox ndi Grid zinapangidwa kuti zikhale zida zenizeni zosanjira tsamba. Flexbox imasanja zinthu mu mzere umodzi, chopingasa kapena chotsika. Grid imasanja mbali zonse ziwiri nthawi imodzi.

Nazonso zinadutsa m'nyengo ya chisokonezo. Flexbox inalembedwa katatu: ya mu 2009 inkagwiritsa ntchito `display: box`, yapakati imene inalowa mu Internet Explorer 10 inali `-ms-flexbox`, ndipo yomaliza ndi `display: flex`. Grid inayambira ku Microsoft mu Internet Explorer 10, koma kalembedwe kake kanadzasintha. Mu Malichi 2017, Firefox 52, Chrome 57 ndi Safari 10.1 zinatulutsa Grid yatsopano m'mwezi umodzi, ndipo Edge inatsatira mu Okutobala chaka chomwecho. Internet Explorer 11 inatsala ndi Grid yakale mpaka pamene Microsoft inasiya kuisamalira pa Windows 10 yambiri pa 15 Juni 2022.

Kusiyana kwa nthawi kumaonekabe pa zinthu zing'onozing'ono. Lamulo la `gap`, loika mpata pakati pa zinthu, linayamba kugwira ntchito mu Flexbox pa Firefox mu 2018, pa Chrome mu 2020, ndipo pa Safari mu 2021. M'zaka zimenezo mabatani amene anali otalikirana bwino mu Firefox ankagundana pa iPhone.

## Mafoni a m'manja

Mafoni anabweretsa mtundu wina wa vutoli. Bulawuza ya iPhone yoyamba, ya mu 2007, inkajambula tsamba ngati kuti sikirini ndi ya mapikiselo 980 m'lifupi, kenako n'kulichepetsa kuti likwane, ndipo mabulawuza ena a pa foni anatengera khalidweli. Tsamba lopangidwira foni liyenera kukhala ndi mzere wa `viewport` wonena kuti `width=device-width`, apo ayi zilembo zimaoneka zazing'ono kwambiri ndipo malamulo a `@media` oyang'ana kukula kwa sikirini sagwira ntchito monga akuyembekezera. Mu 2010 Ethan Marcotte anafotokoza njira yopangira tsamba limodzi lotha kudzisintha malinga ndi sikirini, pogwiritsa ntchito miyezo ya maperesenti, zithunzi zotha kuchepa ndi malamulo a `@media`.

Vuto lina ndi la `100vh`, muyezo umene umayenera kufanana ndi kutalika kwa malo oonekera. Pa foni kabokosi ka adiresi kamaoneka n'kubisika munthu akamasuntha tsamba, ndipo mabulawuza ambiri amayeza ngati kuti kabisika kale. Zotsatira zake n'zakuti batani loikidwa pansi penipeni limabisika tsamba likangotsegulidwa. Miyezo yatsopano ya `svh`, `lvh` ndi `dvh`, imene inafika mu Safari, Firefox ndi Chrome mu 2022, inapangidwa kuti ithetse zimenezi.

Dzina la bulawuza lingathenso kusocheretsa. Kwa zaka zambiri Apple yakhala ikulamula kuti mabulawuza onse a pa iPhone ayendere WebKit, moti Chrome ya pa iPhone imasanja tsamba ngati Safari, osati ngati Chrome ya pa kompyuta. Mu 2024 lamuloli linafewetsedwa m'mayiko a European Union. Opera Mini, imene yakhala yotchuka m'mayiko ambiri a mu Africa chifukwa chopulumutsa data, ili ndi njira imene tsamba limayamba lasanjidwa pa makompyuta a kampaniyo n'kutumizidwa ku foni litapanikizidwa. M'njira imeneyi zilembo zapadera zimene tsamba limaitanitsa sizitsitsidwa, ndipo zizindikiro za mabatani zopangidwa ndi zilembo zotere zimatha kusowa.

## Njira zimene zimatsatiridwa masiku ano

Mfundo yaikulu ndi yoyamba ndi tsamba losavuta limene lingawerengeke mu bulawuza iliyonse, kenako n'kuwonjezera zokongoletsa za mabulawuza amene angazithe. Mfundoyi inatchuka kuyambira mu 2003 kudzera mwa Steve Champeon. Cholinga chake si chakuti tsamba lifanane ndendende kulikonse, koma chakuti aliyense athe kuwerenga ndi kugwiritsa ntchito zimene zili pa tsambalo.

CSS yokha imathandiza pa zimenezi, chifukwa bulawuza ikakumana ndi mzere umene sikuudziwa imangoudumpha n'kupitiriza. Choncho munthu angalembe `height: 100vh` kenako `height: 100dvh`. Bulawuza yakale imatenga mzere woyamba, yatsopano imatenga wachiwiri. Pamene pakufunika kusintha mizere yambiri nthawi imodzi, lamulo la `@supports` limafunsa bulawuza ngati imadziwa chinthu china, ndipo malangizo a m'kati mwake amagwira ntchito pokhapokha yankho likakhala lakuti inde. Kufunsa zimene bulawuza ingathe n'kodalirika kuposa kufunsa dzina lake, koma nakonso kuli ndi malire. Safari ya chaka cha 2021 chisanafike inkavomera kuti imadziwa `gap`, chifukwa inkaidziwadi mu Grid, ngakhale kuti mu Flexbox sinkaitsatira.

Tsamba likasokonekera, akatswiri amayamba ndi kuona doctype ndi mzere wa `viewport`, kenako amapima HTML ndi CSS ndi zida zopimira za W3C, chifukwa chizindikiro chimodzi chosatsekedwa chingasokoneze zonse za pansi pake. Akatero amatsegula zida zofufuzira za mu bulawuza, zimene zimaonetsa miyezo yeniyeni ya bokosi lililonse ndi lamulo limene lapambana anzake. Vuto likapitirira, amachotsa zinthu chimodzichimodzi mpaka patsale kachidutswa kakang'ono kamene kakuonetsabe vutolo. Kachidutswa kotere kamasonyeza ngati cholakwika chili m'masitayelo kapena mu injini, ndipo ndi kamene kamatumizidwa kwa opanga bulawuza. Kuyesa kumayenera kuchitika pa mainjini onse atatu, Blink, Gecko ndi WebKit, komanso pa foni yeniyeni yotsika mtengo, osati pa kompyuta ya wopanga tsamba yokha. Malangizo a WCAG 2.1, a mu 2018, amanenanso kuti tsamba lizitha kuwerengeka pa malo a mapikiselo 320 m'lifupi popanda kusunthira kumbali, pofuna kuthandiza anthu amene amakulitsa zilembo chifukwa cha vuto la maso.

## Mmene zinthu zilili pano

Kusiyana kwa mabulawuza kwachepa kwambiri poyerekeza ndi nthawi ya Internet Explorer 6. Mabulawuza ambiri amadzikonza okha pafupipafupi, ndipo makampani amayesa mainjini awo pa mayeso amodzi otchedwa web-platform-tests. Kuyambira mu 2022, Apple, Google, Microsoft, Mozilla ndi makampani ena monga Igalia amagwirizana chaka chilichonse, pa ntchito yotchedwa Interop, za mbali zimene akonze limodzi, ndipo zotsatira zake zimaonetsedwa poyera. Mu 2023 panayambanso chizindikiro cha Baseline, chimene chimasonyeza ngati chinthu chikugwira ntchito m'mabulawuza onse akuluakulu. Chinthu chimatengedwa kuti chafalikira mokwanira pakatha miyezi 30 chifikireni m'mabulawuza onsewo.

Mbali ina ya kuchepa kwa vutoli yabwera chifukwa cha kuchepa kwa mainjini. Presto inasiyidwa, Trident inatha, ndipo Edge inasamukira ku Chromium mu Januwale 2020. Zimenezi zapeputsa ntchito yoyesa masamba, koma zadzetsa nkhawa ina. Opanga masamba akamayesa pa Chrome yokha, khalidwe la Blink limatha kusanduka lamulo ngakhale pamene likusemphana ndi zimene zinalembedwa, monga zinachitikira ndi Internet Explorer 6 komanso ndi `-webkit-`. Mozilla inachenjeza za zimenezi mu Disembala 2018, Microsoft italengeza zosiya injini yake. Vuto lina limene latsala ndi la zipangizo zakale, chifukwa foni ikasiya kulandira mapulogalamu atsopano bulawuza yake imatha kuima pamene inafika, pamene mwini wake akupitirizabe kuigwiritsa ntchito kwa zaka zambiri.